Mayina Otseka Anthu Pakamwa: Mbiri ya Mkangano wa Malo ku Thyolo

Tsiku lina m'dzinja, tiyi ataphukira kwambiri, ndinaima poyezera masamba pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Nkhungu inali isanachoke m'mapiri. Amayi ndi abambo anali pamzere, madengu ali kumsana, mapulasitiki atamanga m'chiuno chifukwa cha mame. Mayi wina wachikulire atapachika masamba ake pasikelo, anayang'ana muvi, nayang'ananso zimene kalaliki analemba m'buku. Anafunsa mwaulemu ndithu: "Achimwene, sikelo yanena zina, inu mwalemba zina. Makilo awiriwo apita kuti?" Kapitawo amene anaima pambali sanayang'ane sikelo. Anayang'ana mayiwo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati: "Inu mayi mumavuta. N'chifukwa chake banja linakukanikani." Anthu anaseka, ena mongokakamizika. Mayi aja anatola dengu lawo, nabwerera m'munda ali chete. Makilo awiri aja sanatchulidwenso.

Mwina chifukwa chinalipo. Masamba akanyowa ndi mvula, oyeza amachotsera kulemera kwa madzi. Zikanakhala choncho, kapitawo akanangonena, ndipo nkhani ikanathera pomwepo mwamtendere. Koma iye anasiya funso lili chiimire n'kukagwira munthu wofunsayo pamene pali bala. Banja la mayiwo silinali pasikelo. Chimene chinandiwawa n'chakuti njirayi inagwira ntchito, ndipo inagwira msanga.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwerenga mbiri ya boma lathu lino ndi khutu lina. Ndapeza kuti kwa zaka zoposa 130, anthu a ku Thyolo akhala akufunsa mafunso awiri okha: malo awa ndi a yani, nanga thukuta lathu mtengo wake ndi wotani? Ndipo kawirikawiri yankho lakhala dzina. Wofunsayo amapatsidwa dzina, anthu n'kuseka kapena kuchita mantha, msonkhano n'kubalalika. Anthu ophunzira za kaganizidwe amatchula chizolowezi chimenechi m'Chilatini kuti ad hominem, kutanthauza kulunjika pa munthu m'malo molunjika pa mfundo yake. John Locke analemba za icho mu 1690, ndipo zaka mazana ambiri iye asanabadwe, Aristotle wa ku Greece anali atasonkhanitsa kale njira 13 zimene anthu amapambanira mtsutso mwachinyengo. Ife sitinadikire mabuku amenewo. Pabwalo la mfumu, munthu akayamba kufukula za makolo a mnzake pa mlandu wa mbuzi yodya chimanga, nduna imamudula: "Bwererani pankhani, bambo." Makolo ankadziwa kuti mlandu uli ndi mutu wake, ndipo wothawa mutuwo ali ndi chimene akubisa.

Tiyambire pamene zinayambira. Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa Britain m'dziko muno mu 1891, anapeza azungu angapo atatenga kale malo aakulu kwa mafumu, posinthana ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Kuyambira 1892 iye anayamba kuwapatsa zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zovomereza kuti malowo ndi awo. M'dziko lonse, malo otengedwa motere anakwana maekala pafupifupi 3.7 miliyoni. Ku mapiri a Shire, mmodzi mwa amene anatenga malo ambiri anali wamalonda Eugene Sharrer, amene minda yake inadzakhala m'manja mwa British Central Africa Company mu 1902. Kampani imeneyi ndiyo inadzakhala mwini wa chigawo chachikulu cha boma la Cholo, monga ankalembera dzina la Thyolo nthawi imeneyo. Tiyi anafika mochedwerapo. Anayambira ku Mulanje mu 1891, nafika ku Thyolo cha m'ma 1908, ndipo Satemwa anaikhazikitsa Maclean Kay mu 1923.

M'zikalata zambiri za Johnston munali mawu oteteza eni nthaka: midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe popanda chilolezo cha boma. Mawuwo anali omveka. Koma eni minda ankafuna antchito, makamaka m'dzinja, nthawi yomwe munthu aliyense amafuna kukhala m'munda mwake. Apa ndi pamene panabadwira dzina loyamba: waulesi. Munthu wakuda ndi waulesi, iwo ankatero, sangagwire ntchito popanda kumukakamiza. Amene ankanenedwa ulesiyo ndi yemwe uja ankasenza katundu wa mtengatenga pamutu kuchokera kumtsinje wa Shire, kukwera zitunda mpaka ku Blantyre. Ndi yemwe uja anagwetsa nkhalango, kuzula zitsa, ndi kukumba maenje onse a khofi, thonje, fodya ndi tiyi. Chimene ankakana si ntchito ayi, koma kusiya munda wake pa nthawi yopalira kuti akalimire wina pa malipiro osakwanira kugula chakudya chimene wataya. Imeneyo ndi mfundo ya masamu, ndipo ikanayankhidwa ndi masamu: kwezani malipiro. M'malo mwake dzina lija linasanduka lamulo. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, msonkho wa nyumba unali masheleni 6, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira masheleni 3 okha.

Panachitikanso chinyengo china chimene ndimachiona kuti n'chozama kuposa chipongwe: kuba tanthauzo la mawu. Kuthangata, m'chilankhulo chathu, kunali kuthandiza. Unkathangata mfumu kapena mnansi pa ntchito yomukulira, iye n'kuphika mowa kapena nsima, mawa n'kudzakuthangata iwenso. Eni minda anatenga liwu lomwelo n'kuliika pa ntchito yokakamiza yolipirira lendi ya malo: mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho. Mwezi wakewo sunali wowerenga kumwamba, unali wa pa tikiti. Ukalephera kumaliza ndime ya tsikulo, kapitawo sankachonga tsikulo, motero mwezi umodzi unkatha kutalika mpaka masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa. Munthu akadandaula, ankamuuza kuti thangata ndi mwambo wa makolo ake omwe. Liwu linali lomwelo, koma chinthu chinali china. Mpaka lero liwu lokomali silinachire. Ukati thangata, palibe amene amaganiza za chithandizo.

M'chaka cha 1903 munachitika chinthu chosowa. Mlandu wa pakati pa woyang'anira nkhani za anthu akuda ndi kampani ya Blantyre and East Africa unafika pamaso pa woweruza Joseph Nunan. Iye sanafunse ngati anthuwo anali aulesi kapena akhama. Anatenga chikalata, nawerenga mawu oteteza aja, nayang'ana mgwirizano umene kampani inasainitsa mafumu, n'kugamula kuti mgwirizanowo unali wopanda chilungamo, ndipo eni nthaka amene anapezeka pamalopo sankayenera kulipira lendi. Anali mzungu, wolembedwa ntchito ndi boma lomwelo la atsamunda. Ndikunena zimenezi dala, chifukwa nafenso tikanati "mzungu ndi mzungu basi," tikanataya chigamulo chimene chinali kumbali yathu. Chomvetsa chisoni n'chakuti boma silinachitsatire mwamphamvu, ndipo eni minda anapeza khomo lina lotulukira.

Khomo limenelo linali Alhomwe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, mabanja ambirimbiri ankawoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho, ntchito yokakamiza ndi nkhanza za Apwitikizi, komanso njala. Kalembera wa 1921 anapeza Alhomwe oposa 120,000 m'dziko muno, ndipo pofika 1945 anali pafupifupi 380,000. Ambiri anakhazikika m'maesiteti a Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu chifukwa ndiko kunali malo oti n'kumangapo. Poti sanalipo pamene zikalata zinkalembedwa, mawu oteteza aja sankawakhudza. Patapita zaka, zinavuta kusiyanitsa mwini nthaka wa Chimang'anja ndi wobwera, popeza anthu anakwatirana ndipo midzi inkasuntha. Eni minda anangoyamba kutenga aliyense ngati wobwera. Ndipo anawapatsa dzina limodzi lonyoza, lakuti Anguru.

Dzina limeneli linagwira ntchito yaikulu kuposa chikoti. Linkatanthauza munthu wosazindikira, wakudya zosadyedwa, wopanda kwawo, woyenera kuthokoza pa chilichonse. Mlhomwe akati ndime yakula, yankho linali lakuti: iwe wobwera, ukudandaula chiyani, bwerera kwanu ukaone. Ndipo tivomereze, si azungu okha amene ankalitchula. Anansi akuda, akapitawo, makalaliki ophunzira ku mishoni, onse analitola n'kumaligwiritsa ntchito, chifukwa linkawapatsa munthu woti azimuyang'anira pansi. Pamenepo makolo anali atanena kale kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Manja a alendo amenewa ndiwo anadzala tiyi amene lero timanyadira pa zithunzi zokopa alendo.

Amene analimbana ndi dzinali anali Lewis Mataka Bandawe, Mlhomwe wophunzira ku Blantyre Mission, amene anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe ndipo anagwirapo ntchito yotanthauzira ku bwalo lalikulu la milandu. Mu 1943 iye ndi anzake anakhazikitsa bungwe loimira Alhomwe, napempha boma kuti lileke kugwiritsa ntchito dzina lonyozalo m'makalata ake. Boma linavomera. Bandawe sanabweze chipongwe. Anafotokoza kuti anthuwa ndi ndani, amachokera kuti, amadzitchula okha motani. Anazindikira kuti munthu amene dzina lake ndi chitonzo amaluza mlandu asanatsegule pakamwa, choncho anayamba wakonza dzinalo.

Dzina lachitatu linali la wosokoneza. Joseph Booth, mmishonale amene analemba buku lotchedwa Africa for the African mu 1897, ndiye anayambitsa mishoni ya Plainfield kufupi ndi Makwasa, imene a Seventh-day Adventist anaigula mu 1902 n'kudzaitcha Malamulo. Boma ndi eni minda ankamuona ngati munthu wosokonekera ndi woopsa, ndipo zimenezo zinawapeputsira ntchito yoyankha zimene ankanena za malo ndi msonkho. Wophunzira wake, John Chilembwe wa ku Mbombwe ku Chiradzulu, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times chakumapeto kwa 1914, kufunsa chifukwa chimene anthu osauka akuda ankafera pa nkhondo ya azungu. Kalatayo inaletsedwa. Pa 23 January 1915 anthu ake anaukira, napha William Jervis Livingstone wa ku esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero. Pa kafukufuku amene anatsatira, anthu akuda ophunzira monga abusa Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anafotokoza za thangata, kumenyedwa ndi kunyozedwa. Koma eni minda ambiri analoza chala sukulu za mishoni: anthuwa aphunzira kwambiri, wina wawasokoneza mitu. Kuganiza kotere kuli ndi poizoni wake. Kumanena kuti munthu wakumudzi sangamve kuwawa payekha pokhapokha wina atamuuza kuti zikuwawa.

Thangata anapitirira. Lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala m'maesiteti linalola mwini munda kuthamangitsa gawo limodzi mwa magawo khumi a anthu ake zaka zisanu zilizonse popanda kupereka chifukwa. Mnyamata akakwanitsa zaka 16 analibe ufulu wokhalabe pamalo pamene anabadwira, ndipo mwini munda ankatha kukaniza mkamwini kudzamanga kwa mkazi wake. Kwa anthu a chikamwini monga Amang'anja ndi Alhomwe, kumeneko kunali kudula mudzi pakhosi. Taganizani: lamulo lolola kuthamangitsa munthu popanda chifukwa limatanthauza kuti wofunsa mafunso ndiye woyamba kupita. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams anatumidwa kudzafufuza nkhani ya malo, ndipo analangiza kuti boma ligule malo osalimidwa m'maesiteti n'kukhazikapo anthu. Uyunso anayang'ana nkhani, osati nkhope. Koma kugulako kunayenda pang'onopang'ono, makamaka ku Cholo kumene British Central Africa Company inkaumirira malo ake.

Tsopano ndifike pa chaka cha 1953, chimene chimandivuta kuchilemba chifukwa apa cholakwa chili mbali zonse. Chaka chimenecho chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakakamizidwa pa anthu amene anachikana poyera. Alangizi a malimidwe ankalipiritsa anthu chindapusa chifukwa cha mizere ndi migula. Lendi m'maesiteti inali itakwera, anthu ambiri anakana kulipira, ndipo makalata owathamangitsa anali atatuluka. Udzu unali wouma kale. Mu August, pa esiteti ya Mangunda kufupi ndi Luchenza, a banja la Tennett anagwira anthu amene ankawaganizira kuti akuba malalanje. Mbiri inawanda m'midzi yakuti azunguwo ndi achifwamba, ogwira anthu n'kuwapha kuti awadye. Khamu linasonkhana, zipolowe zinabuka n'kufalikira m'maboma oyandikana. Anthu anagwetsera mitengo m'misewu ndi kudula mawaya a telefoni. Pamene zinkatha, anthu 11 anali atafa ndipo 72 atavulala.

Mphekesera ya chifwamba inali yabodza. Dandaulo la malo linali loona. Anthu anasenzetsa choona pamsana pa bodza, ndipo zimenezi zinapatsa atsamunda mpata wonena kuti onani, awa ndi anthu okhulupirira zamizimu, osokonezedwa ndi a Nyasaland African Congress. Chifwamba nalonso ndi dzina lotseka pakamwa: ukangomutcha munthu wodya anzake, palibenso chokambirana naye, chatsala n'kutola miyala. Tinazionanso mu 2017, pamene mphekesera ya anamapopa inayambira ku Mulanje n'kufika ku Thyolo, Phalombe ndi Chiradzulu, anthu osalakwa n'kuphedwa chifukwa chongokhala achilendo kapena kunyamula chikwama. Umphawi ndi mantha a anthuwo zinali zenizeni, koma amene anafa sanali oyambitsa umphawiwo. Ponena za 1953, ndi zoona kuti magazi atakhetsedwa, bwanamkubwa Geoffrey Colby anakakamiza kuti malo ambiri a British Central Africa Company agulidwe. Koma zimene boma linachita pambuyo pa maliro ndi zomwe Abrahams analangiza zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, popanda munthu kufa.

Wina asaganize kuti chizolowezichi n'cha anthu osapita kusukulu. Boma litalengeza lamulo la chiopsezo pa 3 March 1959, linati a Nyasaland African Congress anakonza chiwembu chopha azungu, amwenye ndi mafumu. Anthu oposa 50 anaphedwa, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda anatsekeredwa ku Gwelo. Britain inatumiza woweruza Patrick Devlin kudzafufuza. Lipoti lake, lotuluka mu July 1959, linati panalidi zokamba za ziwawa koma umboni wa chiwembu chokonzedwa chopha anthu mwaunyinji panalibe, kuti anthu ambiri ankakanadi chitaganya, ndiponso kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, polemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku, anafotokoza lipotilo potchula kuti Devlin anali wa magazi a ku Ireland, Mkatolika wolowerera, wa linunda pamsana, ndiponso wokhumudwa chifukwa sanapatsidwe udindo wa mkulu wa oweruza. Mtsogoleri wa ufumu waukulu chotere anachita ndendende zimene anachita kapitawo uja pasikelo. Linunda la woweruza silinadzutse ngakhale mmodzi mwa anthu amene anawomberedwa ku Nkhata Bay.

Thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962, ndipo ufulu unabwera pa 6 July 1964. Ndikanakonda kulemba kuti mayina aja anakwera sitima limodzi ndi atsamunda, koma tinawasunga, n'kuwonjezerapo athu. Ufulu usanabwere n'komwe, wotsutsana ndi chipani cha Dr Banda ankatchedwa kapirikoni, kuchokera ku bungwe la Capricorn Africa Society, ndipo dzinalo linkakwanira kuti nyumba yake itenthedwe. Patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu, nduna monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi, Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere zinafunsa mafunso omveka: bwanji odwala azilipira tiki kuchipatala, bwanji maudindo akuluakulu akadali m'manja mwa azungu, bwanji tikugwirizana ndi Apwitikizi amene akuzunza abale athu ku Mozambique? M'Nyumba ya Malamulo, pa 8 September 1964, Dr Banda anayankha kuti ndunazo zinali pachiwembu ndipo zinakopedwa ndi ndalama za China. Kuchokera apo dzina lawo linali zigawenga. Kwa zaka pafupifupi 30, munthu wa ku Thyolo wofunsa chifukwa chimene tiyi wafika pakhonde pake pamene iye alibe polima nandolo, ankadziwa dzina limene likumudikira. Anthu anaphunzira kukhala chete, ndipo chetecho ena ankachitcha mtendere.

Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 March 1992, yonena za malipiro ochepa, kusiyana kwa olemera ndi osauka, ndi kutsekedwa pakamwa kwa anthu, boma silinatsutse mfundo ndi mfundo. Linati kalatayo ndi youkira, ndipo Monsignor John Roche wa ku Ireland anathamangitsidwa m'dziko, ngati kuti Amalawi sakanatha kuganiza zimenezo okha. Ofuna zipani zambiri ankatchedwa abongololo, ndipo anthu ankaopsezedwa kuti matipate ndi nkhondo. Uku ndi kuthawa kwa mtundu wina: kulumpha kuchokera pa chinthu chimene munthu wapempha kukafika pa tsoka lalikulu limene sanapemphe, popanda kusonyeza njira yolumikiza ziwirizo. Pa 14 June 1993 anthu anavotera nyali, chizindikiro cha matipate, ndipo nkhondo sinabwere.

Matipate anatsegula pakamwa, koma sanatiphunzitse kuyankhana. Pansanja za ndale chipongwe chinasanduka luso lowombera m'manja. Mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, mwana wa kuno kwathu wa m'mudzi wa Kamoto, amene anagona ku Ndata, kazembe wa Britain Fergus Cochrane-Dyet anathamangitsidwa mu April 2011 chifukwa cha kalata imene inanena kuti mtsogoleriyo salola kudzudzulidwa. Nthawi yomweyo wachiwiri kwa pulezidenti, Joyce Banda, ananyozedwa kuti ndi mayi wogulitsa mandasi chabe. Amene anamva kuwawa kwa mawu amenewo ndi amayi a pamsika wa Bvumbwe ndi Luchenza, amene mandasi awo aphunzitsa ana mpaka ku yunivesite. Mu April 2012 mayi yemweyo analumbira kukhala pulezidenti.

Nanga funso la malo lija? Lidakalipo, ndipo lakula. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo. Yendani kuchokera ku Thyolo boma kulowera ku Makwasa ndi Thekerani muone: mbali ina tiyi wobiriwira woseteka ngati mphasa, bulugama ndi makadamiya, mbali ina timinda ta chimanga ndi chinangwa topachikika pamaphedi pamene khasu lenilenilo limaterereka. Pakati pa 2004 ndi 2011, ntchito ya Kudzigulira Malo, yothandizidwa ndi World Bank, inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, kupita ku Machinga, Mangochi ndi maboma ena. Inathandiza amene anapita, koma otsala ndiwo ambiri.

M'kati mwa zimenezi munatuluka Vincent Wandale ndi bungwe la People's Land Organisation. Iwo ankafuna kuti malo osalimidwa m'maesiteti apatsidwe kwa anthu, kuti eni maesiteti alipire mapaundi 65 pa ekala iliyonse chaka chilichonse kuyambira 1914, ndiponso kuti alipire ntchito ya thangata imene makolo anagwira. Pa 1 September 2016 anthu ake analowa m'minda ya Conforzi ndi makasu, apolisi anawabalalitsa, ndipo Wandale anamangidwa n'kupezeka wolakwa. Iye analengezanso kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko loima palokha. Mu 2017 anamangidwanso, ndipo bwalo linalamula kuti akapimidwe ndi madokotala a matenda a maganizo, n'kumutumiza ku chipatala cha ku Zomba. Apo dziko lonse linapuma. Pa wailesi, m'maminibasi, pa Facebook, nkhani inali imodzi: ndi wamisala uja. Anthu anaseka monga anasekera pasikelo paja.

Ine sindigwirizana ndi kudula dziko la Malawi, ndipo kulowa m'munda wa wina ndi makasu kumabala maliro, monga 1953 inatiphunzitsa. Mapaundi 65 aja munthu akhoza kuwatsutsa, n'kufunsa kuti achokera pati, nanga alipire ndani poti maesiteti ambiri anasintha manja kangapo. Kumeneko ndiye kutsutsa. Za thanzi la munthuyo n'za madokotala ndi abale ake, ndipo kudwala si chinthu chosekera. Koma kudwala kapena kusadwala kwa munthu mmodzi sikuwonjezera ekala ngakhale imodzi kwa banja la ana asanu ndi mmodzi la kwa Mphuka kapena kwa Changata. Anthu zikwizikwi amene anamutsatira sanatsatire dzina la dziko latsopanolo, anatsatira njala yawo. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, ndipo mwambi umenewu unapangidwira tsiku ngati limeneli.

Pali nthawi imene khalidwe la munthu limalowa m'nkhani moyenera. Ngati mlandu wagona pa mawu a mboni imodzi, ndipo mboniyo inagwidwapo ikunama, bwalo liyenera kudziwa. Koma pamene chinthu chingathe kuyezedwa, mbiri ya wolankhula ilibe ntchito. Makilo ali pasikelo. Malire ali pamapu ku ofesi ya malo. Zaka za lendi zili pachikalata. Malipiro ali m'buku. Nkhani ya Thyolo pafupifupi yonse ndi ya zinthu zoyezeka, ndipo n'chifukwa chake kuthawira ku mayina kuli tchimo lalikulu kuno.

Eni maesiteti nawonso ali ndi mfundo zimene ziyenera kumvedwa. Tiyi amalemba ntchito anthu pafupifupi 50,000 m'nyengo yothyola ndipo amabweretsa ndalama zakunja. Bulugama amene wodutsa amamuona ngati malo ongokhala ndi nkhuni zoumitsira tiyi m'fakitale. Nkhalango zina za m'maesiteti ndizo zasunga akasupe pamene mapiri ena ameteka. Mabanja ena a eni minda akhala kuno mibadwo itatu kapena inayi. Kuwauza kuti "pitani kwanu" ndi kubwereza zomwe Alhomwe ankauzidwa. Koma nawonso asatiike pa mphambano yabodza, yakuti sankhani tiyi kapena njala, ngati kuti wofunsa za malo ogonera akufuna kuzula tiyi yense. Pakati pa ziwirizi pali njira zambiri. Alimi ang'onoang'ono a tiyi alipo kuyambira pamene Smallholder Tea Authority inakhazikitsidwa mu 1967. Mu 2016 bungwe la eni tiyi ndi bungwe la antchito a m'minda la PAWU anasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro atakhala pansi ndi ziwerengero patebulo. Zinatheka chifukwa tsiku limenelo panalibe waulesi, wobwera kapena chigawenga; panali olemba ntchito ndi olembedwa ntchito, aliyense ndi pepala lake.

Choncho ndikupempha inu mafumu, makhansala, aphungu, atsogoleri a mipingo ndi mamanejala amene mudzakhale pa msonkhano wotsatira wa nkhani ya malo ku Thyolo. Munthu akadzaimirira, kaya wavala sanza, kaya ndi mayi wosakwatiwa, kaya ndi wachipani china, kaya ndi mzungu, ndipo wina n'kuyamba kufukula za moyo wake, mudzamudule monga imachitira nduna pabwalo. Mudzaitanitse mapu ndi zikalata, ziwerengedwe mokweza m'Chichewa ndi m'Chilhomwe: esiteti iyi ili ndi maekala angati, olimidwa ndi angati, lendi yake idzatha chaka chiti, ndipo mudzi woyandikana nawo uli ndi mabanja angati pa malo aakulu bwanji. Wofunsayo asachoke pabwalopo asanamve yankho la funso lake.